Wosauka amagula modula: komwe ndalama ya pakhomo ikuthera

Mwezi ukangodutsa pa 15, nkhani m'makomo ambiri a pa Mponela, Lunzu, Jenda, Luchenza ngakhale pa Liwonde imakhala imodzi: ndalama yatha koma chooneka chomwe chagulidwa palibe. Bambo amaloza chala mayi kuti sadziwa kugwira ndalama, mayi naye amati yomwe amasiyiridwa m'mawa siikwana ngakhale mulu wa bonya ndi tomato. Onse awiri akhoza kukhala kuti akunena zoona chifukwa kwacha yomwe adaizolowera zaka zingapo zapitazo si imene ili m'thumba mwawo lero.

Mu Meyi 2022 banki yaikulu ya Reserve idachepetsa mphamvu ya kwacha ndi 25 peresenti. Anthu asadapume n'komwe, mu Novembala 2023 idachepetsanso ndi 44 peresenti, moti dola imodzi ya ku America yomwe inkagulidwa pa K1,180 m'mabanki idafika pa K1,700. Mwezi womwewo petulo adachoka pa K1,746 kufika pa K2,530 pa lita, ndipo mu Okutobala 2025 adafika pa K3,499 asadakwerenso kumayambiriro kwa 2026. Mafuta a galimoto akakwera, tomato wa pa Jenda ndi kachewere wa pa Lizulu amakwera nawo kaamba koti sayenda wapansi popita kumsika.

Pamwamba pa izi padagwa namondwe wa Freddy mu Malichi 2023, kenaka ng'amba ya El Niño mu 2024 yomwe idachititsa mtsogoleri wa dziko lino panthawiyo, Lazarus Chakwera, kulengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pangozi ya njala. Malinga ndi ofesi ya National Statistical Office ku Zomba, m'miyezi yambiri ya 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi 30 peresenti kapena kuposa poyerekeza ndi chaka chapambuyo, ndipo chakudya ndicho chinkathamanga kuposa zina zonse. Boma lidakweza malipiro otsikitsitsa a ogwira ntchito kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 mu 2024, kenaka pa K126,000 mu 2025, koma ndalamayi inkapeza msika utapita kale patsogolo.

Zonsezi banja la pa Mitundu kapena pa Thondwe silingazisinthe. Silikhala nawo pamsonkhano woika mtengo wa mafuta ndipo silidziwa komwe madola amathera. Chomwe lili nacho m'manja ndi kagulidwe kake, ndipo apa ndi pomwe pali nkhani yowawa: m'dziko muno munthu wosauka amagula katundu modula kuposa wolemera. Amagula pang'onopang'ono, amagula pa nthawi yomwe mtengo uli pamwamba, ndipo kawirikawiri amagula ndi ndalama ya ngongole. Banja lofuna kupulumutsa ndalama likhoza kupindula kwambiri poyang'ana zinthu zitatuzi kusiyana n'kuchepetsa mitanda ya nsima m'mbale za ana.

Chimanga chomwecho, mitengo iwiri

Palibe chinthu chomwe chimadya ndalama ya pakhomo kuposa chimanga, ndipo palibenso chomwe mtengo wake umadziwika mayendedwe ake ngati chimanga. Chaka chilichonse chimatsika pakati pa Epulo ndi Juni anthu akamakolola, n'kuyamba kukwera chakumapeto kwa chaka, kufika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale nkhokwe zitagona. Kumayambiriro kwa 2025 thumba la makilogalamu 50 lidaposa K80,000 m'misika ina, koma chatsopano chitangolowa mtengo udatsika kwambiri. Chaka cha zokolola zochuluka kusiyanaku kumachepa, komabe sikachitikachitika kuti wogula mu Meyi alire kuposa wogula mu Febuluwale.

Chodabwitsa n'chakuti mabanja ambiri a m'matauni ang'onoang'ono ali ndi kamunda, ndipo ndi omwewo amene amagulitsa chimanga chawo kwa mavenda mu Meyi pamtengo wolira, n'kudzachigulanso kwa venda yemweyo mu Januwale. Si kupusa ayi. Nthawi yokolola imapeza ngongole ya feteleza ikudikira, fizi ya teremu yachitatu ikufunika, mwininyumba naye ali pakhomo. Venda amabwera ndi sikelo ndi ndalama m'manja pomwe ADMARC, yomwe idakhazikitsidwa mu 1971 kuti izigula mbewu kwa alimi ang'onoang'ono, m'zaka zambiri yakhala ikulowa pamsika mochedwa. Unduna wa zamalimidwe umalengeza mitengo yogulira mbewu chaka ndi chaka koma kumudzi mtengo umakhala womwe wanena mwini sikelo.

Mabanja omwe amapulumuka ndi amene amawerengera kaye matumba odya chaka chonse asadagulitse ngakhale ndowa imodzi, ndipo pofuna ndalama amayamba agulitsa soya, mtedza, nkhuku kapena mbuzi. Kwa mphunzitsi, wapolisi kapena wachipatala yemwe alibe munda, Meyi ndi Juni ndi miyezi yomanga lamba pa zina zonse kuti agule matumba awiri kapena atatu pamwezi. Foni yatsopano ikhoza kudikira mpaka Ogasiti ndipo mtengo wake sungasinthe ngati wa chimanga.

Koma kugula n'kosavuta kuposa kusunga. Chimanga chosauma bwino chimachita chuku, ndipo chouma chikapanda kutetezedwa anankafumbwe amachisandutsa fumbi pofika Novembala. Mankhwala othira m'chimanga monga Actellic ayenera kugulidwa m'sitolo zovomerezeka za zipangizo zaulimi chifukwa pamsika pamapezekanso achinyengo. Palinso matumba a PICS, omwe adapangidwa ndi akatswiri a pa yunivesite ya Purdue ku America. Ali ndi mapulasitiki awiri mkati omwe salola mpweya kulowa moti tizilombo timafa tokha popanda mankhwala, ndipo thumba likasamalidwa osabooka limagwira ntchito zaka zingapo. Mtengo wake umaoneka wokwera pogula, koma ndi wochepa poyerekeza ndi thumba la chimanga lomwe lathera anankafumbwe. Matumba asakhudze pansi kapena khoma. Timitengo kapena njerwa pansi pake n'zokwanira.

Kuchigayo nakonso kumatayika chakudya chomwe ambiri sachiwerengera. Chimanga chikakonoledwa, n'kuviikidwa, n'kugayidwa kuti chikhale ufa woyera, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu limapita ku madeya ndi m'madzi a mphale. Ndiye kuti pa matumba atatu alionse, limodzi silifika mumphika. Kuonjezera apo mwini chigayo amalipiritsa kawiri, kukonola ndi kugaya. Mgaiwa sutaya kanthu kwenikweni, umakhalitsa m'mimba, ndipo a zaumoyo akhala akunena kwa zaka zambiri kuti ndiwo uli ndi chakudya chokwanira. Vuto ndi manyazi. M'makomo ambiri mgaiwa umaonedwa ngati ufa wa kusukulu yogonera komweko, wa kundende kapena wa chaka cha njala, ndipo pali abambo omwe sangausambire m'manja. Mabanja ena apeza njira yapakati: gramil masiku wamba, mgaiwa wa phala la ana m'mawa, woyera kukabwera alendo. Okonola asasiye madeya kuchigayo, chifukwa ndi chakudya cha nkhuku komanso amalowa popanga manyowa a Mbeya omwe alimi ambiri akuthamangira feteleza atakwera.

Msampha wa zoyeza

Madzulo aliwonse pamabenchi a m'misika pamakhala mzere wa timatumba ta ufa tomwe anthu adatipatsa dzina loti walkman, timachubu ta mafuta ophikira, shuga woyeza pa supuni, sopo wodula zidutswa ndi makala a m'jumbo. Malondawa ndiwo amagonetsa ndi chakudya m'mimba munthu wa ganyu, wa kabaza ndi mayi wogulitsa mandasi, omwe ndalama yawo imabwera patsiku. Koma wogulitsa aliyense amene katundu wadutsa m'manja mwake amaikapo phindu lake, ndipo akamagawa tizigawo ting'onoting'ono ndi pomwe phindulo limakula. Aliyense akhoza kuyesa yekha: awerenge timachubu ta mafuta tomwe timadzaza botolo la lita imodzi, aonkhetse mtengo wake, kenaka akafunse mtengo wa botololo m'sitolo yopikulitsa. Achitenso chimodzimodzi ndi makala a m'jumbo poyerekeza ndi thumba lathunthu.

Kuuza munthu wopeza ndalama patsiku kuti azigula zambiri nthawi imodzi kuli ngati kumuseka. Njira yomwe ikugwira ntchito m'madera ambiri ndi yosonkherana. Amayi anayi kapena asanu oyandikana nyumba amaphatikiza ndalama, mmodzi n'kupita kukapikula chigubu cha mafuta, belo la shuga, katoni ya sopo kapena thumba la mchere, n'kudzagawana. Thiransipoti imakhala ya munthu mmodzi m'malo mwa asanu. Ena asandutsa chipereganyu chawo kukhala cha katundu: wolandira mwezi umenewo salandira ndalama koma shuga, sopo ndi mafuta, zomwe sizingabwerekedwe ndi mlamu kapena kuthera kumowa.

Palinso vuto lina lomwe amayi amalidziwa bwino. Katundu akachuluka m'nyumba dzanja limalemera. Mafuta a mwezi wathunthu amatha m'masabata awiri chifukwa wophika akuona chigubu chodzadza, ana nawo amathira shuga ngati mchenga. Choncho kupikula kumapindula pokhapokha chigubu chikabisidwa kuchipinda n'kumapungulira m'kabotolo ka sabata imodzi. Sopo wamtanda akadulidwa n'kuumitsidwa kaye masiku angapo sasungunuka msanga pochapa.

Tsiku la msika nalo lili ndi nzeru zake. Ndiwo zamasamba, tomato ndi nsomba zaziwisi zimatsika mtengo dzuwa likapendeka, ogulitsa akamaopa kubwerera nazo kunyumba, ndipo banyira amakula nthawi yomweyo. Ogula mbewu ndi nyama pa sikelo ali ndi ufulu woona chidindo cha bungwe la Malawi Bureau of Standards, lomwe ndilo limayesa masikelo m'dziko muno. Ndowa yophwanyidwa pansi ndi mbale yokhala ndi matako olowa mkati ndi zakale pamsika, komabe zikupusitsabe anthu.

Moto wophikira

Kalembera wa 2018 adapeza kuti mabanja oposa 90 mwa 100 alionse m'dziko muno amaphikira nkhuni kapena makala. M'matauni ang'onoang'ono nkhalango zidatha kalekale, makala amachokera kutali, ndipo chikhwimitsireni lamulo la zankhalango mu 2020 owotcha ndi onyamula makala opanda chilolezo amaika pamtengo ngakhale chiopsezo chogwidwa panjira. Masiku ena moto umadula kuposa ndiwo zomwe zili pamotopo.

Nyemba ndiye mdani wamkulu wa makala. Zouma zikangotsukidwa n'kuikidwa pamoto zimatha maola atatu kapena kuposa, pomwe zoviikidwa m'madzi usiku wonse zimapsa msanga kwambiri. Mphika wovundikira umawira msanga kuposa wapululu. Mabungwe ena akhala akuphunzitsa amayi kuphikira m'dengu: nyemba zikawira bwino kwa kanthawi, mphika umachotsedwa pamoto uli wovundikira n'kuikidwa m'dengu loyalidwa nsanza, bulangete lakale kapena udzu wouma, ndipo zimapitiriza kupsa ndi kutentha komweko. Makala otsala mukaphika akazimitsidwa ndi dothi kapena mchenga amagwiranso ntchito mawa, kusiyana n'kuwasiya anyeke okha mpaka phulusa.

Mbaula ya dothi ya Chitetezo, yomwe imaumbidwa ndi magulu a amayi m'maboma ambiri, idatchuka boma la Joyce Banda litalonjeza mu 2013 kuti mbaula zosawononga nkhuni zokwana 2 miliyoni zikhale zitafika m'makomo pofika 2020. Imadya nkhuni zochepa poyerekeza ndi mafuwa atatu ndipo imayaka ndi zitsononkho, mapesi a nandolo kapena tinthambi tomwe pamafuwa sitingaphike kanthu. Kwa omwe ali ndi magetsi a ESCOM olipiriratu, mayunitsi sathera pa wailesi kapena kutchaja foni. Amathera pa zinthu zotenthetsa: mbaula ya magetsi, simbi, ketulo ndi kachitsulo kowiritsira madzi osamba. Kusita zovala za sabata yonse nthawi imodzi komanso kusintha mababu akale n'kuika a LED kumaoneka pa mita mwezi womwewo.

Tiyi wa buledi ndi ndiwo za kuseri kwa nyumba

Tirigu wopangira buledi pafupifupi yense amachokera kunja, mafuta ambiri ophikira nawonso amadalira zipangizo zoitanitsa ndi madola. N'chifukwa chake nkhondo ya Russia ndi Ukraine itayamba mu Febuluwale 2022 zinthu ziwirizi zidali m'gulu loyamba kukwera, ngakhale boma lidachotsa msonkho wa VAT pa mafuta ophikira chaka chomwecho. Mbatata, chinangwa, maungu, nthochi zophika ndi chigumu sizidziwa dola. Mwana wodya mbatata kapena phala la mgaiwa lothira nsinjiro amafika nalo masana, pomwe wa tiyi ndi kagawo ka buledi amayamba kuyasamula isadakwane 10 koloko. Ngakhale zili choncho, kunyamula buledi pansi pa mkono Loweruka m'mawa kukadali chizindikiro cha bambo wochita bwino, ndipo ulemu umenewu mabanja ena akuulipira modula.

Nsinjiro zimalowa m'malo mwa mafuta m'ndiwo zamasamba ndipo zimaonjezera chakudya chomanga thupi. Mfutso wa nkhwani, khwanya ndi chitambe, womwe agogo ankasunga m'zikwatu, udayamba kunyozeka m'matauni, koma masamba omwe amatayidwa mu Febuluwale ndi Malichi ndi omwewo amasowa mu Okutobala. Tomato naye amavunda pamsika nthawi yomwe wachuluka, chikhalirecho akhoza kudulidwa n'kuyanikidwa. Kuseri kwa nyumba ya lendi kukhoza kukhala kopanda malo olima, koma matumba akale a simenti kapena a feteleza odzadza dothi ndi manyowa amabereka mpiru, repu ndi anyezi pothirira madzi otsukira mbale opanda sopo wambiri. Bonongwe, chisoso ndi luni zimamera zokha ndipo sizifuna feteleza.

Ngongole ndi timabowo tosaoneka

Zonse zomwe banja lapulumutsa pa ufa, makala ndi mafuta zikhoza kutha tsiku limodzi pakhomo pa wakatapila. Obwereketsa ena amafuna theka la ndalama yomwe wabwereka ngati chiwongoladzanja pamwezi, ndipo kwa ogwira ntchito m'boma ena amasunga khadi la ku banki kuti azidzitapira okha malipiro akalowa. Wobwereka K50,000 pamlingo wotere amabweza K75,000, ndipo akalephera mwezi woyamba ngongole imabereka ina. Ambiri amalowa m'katapila kaamba ka chimanga cha mu Januwale chomwe chija, ndiye kuti thumba lomwe adagulitsa motchipa mu Meyi amaligula modula kawiri: kwa venda ndi kwa wakatapila.

Banki m'khonde, njira yomwe bungwe la CARE lidayambitsa m'dziko la Niger mu 1991 isadafalikire mu Africa muno, yathandiza amayi ambiri kugula malata, mbuzi ndi feteleza. Ubwino wake ndi woti chiwongoladzanja chimabwerera kwa eni ake pogawana kumapeto kwa chaka. Koma nayo yagwetsa mabanja. Magulu ambiri amaika chiwongoladzanja cha 10 kapena 20 peresenti pamwezi, ndipo ena amakakamiza membala aliyense kubwereka kuti thumba likule. Mayi wobwereka K50,000 pa 20 peresenti ayenera kupeza K10,000 yapamwamba mwezi uliwonse. Ngati ndalamayo yalowa mu geni yoyenda, palibe vuto. Ngati yagulira chitenje cha yunifolomu ya ukwati kapena ndiwo, mapeto ake ndi kulowa gulu lachiwiri kuti abweze ngongole ya gulu loyamba, ndipo nkhani za amayi olandidwa ziwiya kapena othawa m'mudzi mu Disembala sizachilendo m'mabwalo a mafumu.

Pali ndalama zina zomwe sizilowa m'chiwerengero cha banja chifukwa zimatuluka pang'onopang'ono. Foni ndi imodzi mwa izo. Kugula bandulo ya tsiku ndi tsiku kumadula kuposa ya sabata kapena ya mwezi, kukongola mayunitsi kuli ndi kandalama kapamwamba, ndipo kutapa ndalama kwa ejenti wa Airtel Money kapena TNM Mpamba kasanu pang'onopang'ono kumadya zambiri kuposa kutapa kamodzi kapena kulipira katundu ndi foni yomweyo. Kabaza wa mtunda woyendeka wapansi, chipisi cha pachiwaya masana aliwonse ndi kabotolo ka madzulo zikaphatikizidwa pamwezi zimafika pamtengo wa thumba la makala kapena kuposa. Chatsopano pa zonsezi ndi kubetcha pa mpira ndi kandege ka pafoni, komwe kwalowerera achinyamata ndi abambo omwe. K1,000 patsiku ndi K30,000 pamwezi, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro otsikitsitsa a mu 2025.

Apa mpomwe nkhani yosunga ndalama imakhota. Kawirikawiri ulaliki wa kusamala umalunjika kwa mayi ndi khitchini yake, pomwe ndalama yomwe amagwira ndi yochepa kale ndipo amaitambasula mpaka kulira. Bowo lalikulu nthawi zambiri limakhala m'thumba la bambo, lomwe palibe amaloledwa kusuzumiramo. M'mabanja ambiri mkazi sadziwa malipiro a mwamuna wake, mwamuna naye sadziwa mtengo wa mulu wa usipa chifukwa adapita kumsika komaliza ndalama yaikulu ili K1,000, pomwe ya K2,000 idatuluka mu 2016 ndipo ya K5,000 mu 2022. Kope la sukulu lolembamo chilichonse chogulidwa kwa mwezi umodzi, cha mayi ndi cha bambo chomwe, limathetsa mikangano yambiri kuposa ankhoswe, ngakhale masamba ake ena amachititsa manyazi.

Zamwambo nazo zili ndi mtengo. Maliro sapanganika ndipo palibe angakane kusonkha, chifukwa mawa ali pakhomo pako. Koma ukwati wa masiku ano umayamba ndi chinkhoswe cha muholo, kenaka phwando lolangiza mkwatibwi, la kutsanzika, yunifolomu pa mwambo uliwonse, n'kudzathera pa perekaniperekani. Oitanidwa amalowa m'ngongole kuti asaoneke osauka, eni ukwati nawo amayamba banja ali ndi ngongole ya holo ndi zokuzira mawu. Kusankha mwambo umodzi wopitako mwa itatu si kudana ndi abale.

Posafunika kuumira

Kusamala ndalama kuli ndi malire ake, ndipo pali malo ena pomwe kuumira kumabweretsa chitayiko chachikulu. Kafukufuku wa zaumoyo wa 2015 mpaka 2016 adapeza kuti ana 37 mwa 100 alionse osakwana zaka zisanu m'dziko muno ndi opinimbira. Banja lomwe lathana ndi kukwera kwa zinthu pochotsa nyemba, mtedza, mazira ndi tinsomba m'mbale ya mwana n'kusiya nsima ndi masamba owiritsa lapulumutsa ndalama lero, koma mwanayo adzalipira m'kalasi ndi kuchipatala. Unduna wa zaumoyo umalimbikitsa magulu asanu ndi limodzi a zakudya, ndipo onsewo akhoza kupezeka motchipa: bonya wosinja wothira m'phala, soya wokazinga n'kugayitsa pamodzi ndi chimanga, papaya, mango ndi masawu a nyengo yake.

Sopo ndi madzi abwino ndi malo ena osayenera kuumira. Kolera yomwe idabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 idapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo idafala kwambiri m'malo momwe anthu amamwa madzi a m'zitsime zosatetezedwa ndi m'mitsinje. Kuthawa mtengo wa ndowa ya pa kiyosiki n'kukatunga kudambo ndi njuga yoika moyo pachiswe. Chimodzimodzi kugula mankhwala a pabenchi omwe akhala padzuwa, kumwa theka la mankhwala a malungo n'kusungira ena mawa, kapena kudyetsa ana chimanga chachuku chifukwa chotchipa.

Zotchipa zina zimadula pobwereza. Nsapato ya pulasitiki yothyoka pakatha mwezi, tochi ndi tchaja zogula katatu pachaka, ndowa yong'ambika ikangogwa kamodzi. Kaunjika, yemwe kwa zaka zambiri wakhala akuveka mabanja zovala zolimba pamtengo wotsika, naye adakwera moti mu Febuluwale 2025 ogulitsa ake adachita zionetsero ku Lilongwe podandaula mtengo wa mabelo. Telala wa pakhonde la sitolo ndi wosoka nsapato pansi pa mtengo ayambanso kuona makasitomala omwe kale ankangotaya chong'ambika.

Funso lomaliza ndi la komwe ndalama yopulumutsidwayo iyenera kupita. Kale yankho lidali kuikwirira m'chitini kapena pansi pa matiresi. Zinthu zikamakwera ndi 30 peresenti pachaka, K100,000 yosungidwa motero imadzagula katundu yemwe chaka chapitacho ankagulidwa ndi K77,000 yokha. Ngakhale ku banki, chiwongoladzanja cha pa akaunti wamba chakhala chili pansi kwambiri poyerekeza ndi kukwera kwa mitengo. N'chifukwa chake mabanja ochenjera amasiya ndalama yochepa ya matenda ndi zadzidzidzi pafoni kapena ku banki, yotsalayo n'kuisandutsa zinthu zomwe adzazifune ndithu: chimanga ndi nyemba pokolola, feteleza ndi mbewu mu Ogasiti mzere usadayambe, makope ndi yunifolomu teremu isadatsegulidwe, nkhuku zachikuda kapena kambuzi kakakazi, malata amodziamodzi.

Bungwe la Centre for Social Concern ku Kanengo, lomwe limawerengera mwezi ndi mwezi ndalama zomwe banja la anthu asanu ndi mmodzi limafunika kuti lipeze zofunika pamoyo m'matauni, lakhala likupeza kwa zaka zambiri kuti ndalamazo n'zochuluka kangapo kuposa malipiro otsikitsitsa. Apa zikuonetsa kuti pali mabanja ambiri omwe ngakhale atadya mgaiwa, kuviika nyemba ndi kusiya kubetcha, ndalama yawo siingafike pa 30. Amenewa akufunika ntchito zolipira bwino, kwacha yokhazikika, ADMARC yogula ndi kugulitsa pa nthawi yake, komanso bungwe la Competition and Fair Trading Commission lomwe lingamafike m'misika ya kumaboma monga lidachitira ndi sitolo zokweza shuga mopyola muyeso pomwe adasowa mu 2024. Andale akamauza anthu kuti amange malamba, anthuwo ali ndi ufulu wofunsa ngati maulendo, galimoto ndi misonkhano ya kunyanja ya akuluakulu a boma nazo zachepa.

Podikira zimenezo, kalendala ya msika siisintha. Chimanga chidzatsikanso mu Meyi, mavenda adzafikanso ndi masikelo awo m'midzi yozungulira Mponela, Nsundwe ndi Chimbiya, ndipo banja lililonse lidzayenera kusankha matumba angati otuluka pakhomo ndi angati otsala kuchipinda.